Mankhusu a Mpunga ndi Matenda a Ndiwo m'Madimba a Blantyre

Mawu oyamba

Munthu akafika mumsika wa Limbe m'mamawa amapeza amayi atayala nkhwani, mpiru, tanaposi, nkhaka ndi tomato. Zambiri mwa ndiwozi zimachokera m'madimba a ku Bvumbwe, Chigumula, Mpemba ndi Lunzu, ndiponso m'mphepete mwa mitsinje ya mumzinda monga Mudi ndi Naperi. Wogula akaona mtolo wa nkhwani wa masamba oyera ngati wina wawazapo ufa, amangodutsa. Kwa mlimi, mtolo wotsalawo ndi ndalama ya sopo kapena ya sukulu imene yatayika.

Ufa woyerawu ndi matenda amene akatswiri a zaulimi amati powdery mildew, ndipo amayamba ndi fangasi, bowa wamng'ono kwambiri amene amamera patsamba n'kumayamwa chakudya chake. Alimi ambiri amathamangira mankhwala opopera, koma mankhwalawa amachokera kunja ndipo anakwera mtengo kwambiri kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 aliwonse mu November 2023. Komanso nkhwani amathyoledwa pafupipafupi, choncho n'kovuta kudikira masiku amene amafunika kuti mphamvu ya mankhwala ithe. Nkhani ino ikufotokoza njira ina yothandizira mbewu kudziteteza, yomwe ndi kuthira m'nthaka mchere wotchedwa silikoni.

Kodi silikoni n'chiyani?

Silikoni ndi mchere wachiwiri kuchuluka m'nthaka ndi m'miyala ya dziko lapansi, ndipo amapanga pafupifupi magawo 28 pa 100 aliwonse a kulemera kwake. Mchenga wa kumtsinje ndi wodzaza ndi silikoni. Wina angafunse kuti: nanga bwanji osangothira mchenga m'dimba? Yankho lake n'lakuti mizu imamwa silikoni yekhayo amene wasungunuka m'madzi, pamene wa mumchenga ndi wouma gwa ndipo sasungunuka msanga. Dothi lofiira la katondo, ngati limene lili m'madera ambiri okwera a Blantyre ndi Thyolo, lakhala likutsukidwa ndi mvula kwa zaka zambirimbiri, ndipo dothi lotere limakhala ndi silikoni wosungunuka wochepa.

Momwe amatetezera mbewu

Silikoni akalowa m'mizu amakwera ndi madzi mpaka m'masamba. Madzi akauluka, iye amatsala n'kuuma pansi pa khungu la tsamba. Amene anachekedwapo ndi tsamba la nzimbe kapena la nsenjere anakumana naye kale, pakuti ndi amene amachititsa masambawa kukhala akuthwa. Khungu lolimba chotere limavuta kuti fangasi alibowole. Kachiwiri, akatswiri anapeza kuti mbewu yomwa silikoni imafulumira kupanga mankhwala ake achibadwa olimbana ndi matenda pamene fangasi wayamba kuiukira.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Ku Japan boma linavomereza feteleza wa silikoni m'chaka cha 1955, makamaka wothira m'minda ya mpunga. M'chaka cha 2003, Joseph Heckman ndi anzake a pa yunivesite ya Rutgers ku America anaonetsa kuti maungu olimidwa m'nthaka yothiridwa laimu wokhala ndi silikoni anagwidwa pang'ono ndi matenda a ufa woyera kusiyana ndi olimidwa pa laimu wamba. Ndipo mu 2006, gulu la Jian Feng Ma ku Japan linapeza kanjira ka m'mizu ya mpunga kamene silikoni amalowera.

Komwe mlimi wa kuno angamupeze

Kumaiko akunja alimi osagwiritsa ntchito mankhwala amagula ufa wa mwala wotchedwa wollastonite. Mlimi wa ku Chigumula ali ndi china chapafupi. Mpunga ndi mbewu imene imamwa silikoni wambiri, ndipo wochuluka amakathera m'mankhusu. Mankhusu akapsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwake limatsala ngati phulusa, ndipo pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse a phulusalo ndi silika, amene ndi silikoni wophatikizana ndi okosijeni. Mpunga wolimidwa kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, m'masikimu monga Domasi ndi Likangala, komanso ku Muona m'boma la Nsanje, ukapunthidwa umasiya milu ya mankhusu kuseri kwa zigayo. Oweta nkhuku amayala mankhusuwa m'makola, ndipo manyowa ochokera m'makola otere amabwera kale ndi silikoni.

Kawotchedwe n'kofunika kwambiri. Mankhusu akapsa ndi moto waukali wopitirira madigiri pafupifupi 700, silika amasanduka wouma ngati wa mumchenga, mbewu sizingamumwe, ndipo fumbi lake limawononga mapapo. Njira yabwino ndi kuwanyeketsa pang'onopang'ono. Mlimi amabowola chitini mabowo ambiri, n'kulumikiza paipi pamwamba pake kuti utsi uzitulukira. Amayatsa moto m'chitinimo, n'kuunjika mankhusu mozungulira. Mulu wonse ukada bii ngati makala, amaumwaza n'kuthira madzi kuti usapse mpaka kuyera. Makalawa amasakanizidwa ndi manyowa kapena kompositi ndipo amalimidwira pabedi asanabzale, chifukwa silikoni amafunika kuti mbewu izimwa kuyambira ili yaing'ono. Mankhusu osawotcha amachedwa kuwola, ndipo akachuluka pabedi mbewu zimachita chikasu chifukwa chosowa nayitirojeni. Ndi bwino ayambe adutsa m'khola kapena pamulu wa kompositi.

Malire a njirayi

Apa ndi pamene mlimi ayenera kusamala, pakuti mbewu sizimwa silikoni mofanana. Mpunga, nzimbe ndi chimanga zimamwa wambiri. Maungu, nkhaka ndi mavwende zimamwa wapakati, ndipo mwa ndiwo za kudimba ndi zimene zaonetsa bwino kupindula ndi njirayi. Tomato amamwa wochepa kwambiri. Choncho mlimi amene tomato wake akupsa ndi chiwawu m'nyengo ya chiperoni asayembekezere kuti mankhusu amupulumutsa. Iye afunikabe kuchita kasinthasintha wa mbewu, kubzala motalikirana, kumangirira tomato kumitengo, kuthirira patsinde osati pamasamba, ndi kuchotsa masamba odwala.

Ngakhale pa maungu, silikoni sachiza tsamba limene lagwidwa kale. Iye amachedwetsa matenda ndi kuchepetsa mphamvu yake, kotero kuti mlimi amathyola nkhwani wabwino kwa nthawi yotalikirapo. Silikoni salowanso m'malo mwa manyowa, chifukwa mbewu yanjala imadwalabe. Phulusa nalo likachuluka limachepetsa asidi wa m'nthaka mopitirira muyezo, ndipo mbewu zimalephera kumwa michere ina. Mlimi wanzeru ayambe ndi mabedi awiri oyandikana, lina athire makala a mankhusu, lina asathire, kenaka afananize masamba ake. Angathenso kufunsa alangizi a zaulimi a m'dera lake kapena akatswiri a pa malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe, omwe ntchito yawo yaikulu ndi ya zipatso ndi ndiwo za masamba.

Mawu omaliza

Nkhaniyi yaonetsa kuti mankhusu amene ambiri timawaona ngati zinyalala ali ndi mchere wolimbitsa masamba a mbewu. Yaonetsanso kuti phindu lake limadalira mtundu wa mbewu, kawotchedwe ka mankhusu ndi nthawi yothirira. Akuluakulu amati kupewa kumaposa kuchiza. Mlimi wa nkhwani ndi nkhaka amene akufuna kuchepetsa mankhwala opopera ayenera kuganizira za matendawa tsiku limene akukonza bedi, osati tsiku limene ufa woyera waonekera pamasamba.