Kufolera Nyumba ndi Matailosi a Simenti

Ana inu, mukamayenda pamseu wa Great East Road kucokera ku Chongwe kulinga ku Lusaka, muona nyumba zina zimene mtenje wake si wa udzu kapena wa malata, koma wa timapale tofiira toyalana bwino ngati mamba a nsomba. Amenewo ndiwo matailosi. Amawaumba ndi simenti, mcenga, madzi ndi utoto, ndipo sawaocha pamoto monga njerwa. Amangowasunga mpaka alimbe. Munthu wina dzina lace Adolph Kroher anayamba kuwaumba ku Bavaria, m'dziko la Germany, ca m'ma 1840. Kuno kwathu simenti siicokera kutali, pakuti fakitale ya ku Chilanga inakhazikitsidwa mu 1949.

Cinthu coyamba cimene mmisiri aganizira ndico kulemera. Tailosi imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 4 ndi theka, ndipo pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pamalowa matailosi ngati 10. Ndiye kuti pamalo ang'ono amenewo pakhala makilogalamu 45, pamene lata silifika ndi makilogalamu 10 omwe. Aphunzitsi, apa pali samu yabwino: ngati mtenje wa kalasi uli ndi malo otere 100, ana apeze ciwerengero ca matailosi ndi kulemera kwace. Adzapeza matailosi 1,000 ndi makilogalamu 4,500. Katundu yenseyo akhala pamwamba pa mitu ya anthu usana ndi usiku! Cifukwa cace nkulakwa kwakukuru kucotsa malata pa nyumba yakale ndi kuyalapo matailosi osayamba walimbitsa zipupa ndi mapaso. Matabwa ayenera kukhala ouma, okhuthala, oyandikana, ndiponso opakidwa mankhwala oletsa ciswe.

Mapaso akaima, amisiri ayala pulasitiki yocinga fumbi ndi madzi amene mphepo ikankhira mkati. Pamwamba pace akhomerapo timatabwa topingasa, tofanana ndi mbariro zimene makolo athu amamanga asanafolere udzu. Timatabwati titalikirana masentimita ngati 32 kapena 34, ndipo mmisiri wosamala ayesa mzere uli wonse ndi cingwe. Tailosi iri ndi timano kunsi kwace timene timakola pa thabwalo.

Kuyala kuyambira m'munsi, kumene madzi agwera, nikukwera mzere ndi mzere kufikira pamsana pa nyumba. Tailosi ya pamwamba iphimba mutu wa inzace ya m'munsi masentimita 7 ndi theka kapena kuposerapo, kuti madzi atsike osapeza polowera. Wofolera udzu adziwa kale lamulo limeneli. Mtenje ukakhala wosatsetsereka mokwanira, mvula ya mphepo ya mwezi wa Januwale ibwerera m'mipata nidontha m'nyumba. Matailosi a m'mphepete onse akhomedwa ndi misomali, cifukwa ndiko kumene kamvulumvulu ayambira kusasula. Pamsana aikapo ena opindika, nawamata ndi simenti yosakaniza ndi mcenga.

Ubwino wace ngwakuti sacita dzimbiri, satenthetsa m'nyumba kwambiri mwezi wa Okutobala, ndipo mvula ikamagwa mphunzitsi amvekabe polankhula. Koma amasweka akapondedwa pakati. Mmisiri aponda ca kumunsi kwa tailosi, pamene pali thabwa pansi pace, ndipo imodzi ikasweka aitukula ndi kulowetsapo ina. Mpira wanu ukakakamira pamtenje wotere, itanani munthu wamkuru amene ali ndi makwerero.