Kuphunzitsa za Chisoti cha Njinga Yamoto m'Phunziro la Sayansi

Ana ambiri a ku Area 15 amaona makolo awo akukwera kabaza wa njinga yamoto popita ku msika wa Old Town kapena ku ntchito ku City Centre, ndipo ena amafika naye pasukulu. Tikaŵafunsa chifukwa chimene chisoti, chimene iwo amati helemeti, chimatetezera mutu, amayankha kuti n'cholimba. Mphunzitsi asafulumire kuvomera yankho limeneli, pakuti n'loperewera.

Ubongo ndi wofeŵa, ndipo umayandama m'timadzi m'kati mwa chigaza. Mutu ukagunda phula n'kuima mwadzidzidzi, ubongo umapitirirabe mpaka kukadzimenya ku fupa, kotero kuti munthu angathe kufa chigaza chili chosasweka. Ntchito yaikulu ya chisoti tsono ndi kuchititsa kuti mutu uime pang'onopang'ono. Chikamba chakunja chimamwaza mphamvu ya kugundako pamalo aakulu, koma chimene chimapulumutsa ubongo ndi chinkhupule choyera cha m'kati, chotchedwa polystyrene, chokhuthala pafupifupi masentimita 3. Chimenechi chimaphwanyika, ndipo pophwanyikapo chimatalikitsa kanthaŵi kamene mutu umatenga kuti uime.

Mfundo imeneyi ndi yovuta kuifotokoza ndi choko, koma dzira limaifotokoza bwino. Ana aŵiri agwire chitenje molendeŵera, wachitatu aponyepo dzira laliŵisi. Silisweka. Kenaka tiligwetse pasimenti. Tisaŵauze chifukwa chake. Tiŵafunse kuti dziralo linaima msanga pati. Pambuyo pake tiŵapatse chidutswa cha chinkhupule chimene amakutira nacho wailesi yatsopano m'katoni, achikanikize ndi chala. Adzaona kuti potobwekapo sipabwereranso. Apa ana amazindikira okha kuti chisoti chimene chinagundapo kale pangozi chatha ntchito, ngakhale kunja chikuŵala ngati chatsopano.

Ana achidwi tingaŵauze kuti nzeruyi ili ndi mbiri yake. T. E. Lawrence atamwalira mu 1935 chifukwa cha ngozi ya njinga yamoto ku England, mmodzi wa madokotala amene anamusamalira, Hugh Cairns, anayamba kufufuza za imfa za asilikali oyenda panjinga zotere, ndipo mu 1941 anafalitsa zimene anapeza. Kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa mu 2008 anaonetsa kuti chisoti chimachepetsa kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti, ndipo imfa ndi 42 peresenti.

Potsiriza phunziro, ana akaŵerenge kwawo okwera angati amene amanga lamba wa pachibwano, popeza chisoti chosamanga chimavuka mutu usanafike pansi. Aonenso amene avala chipeŵa cha amisiri omanga nyumba. Chimenecho anachipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, ndipo chilibe chinkhupule chija m'mbali ndi kunkhongo.