Mbiri ya nkhondo ili m'midzi, tikaitole

Aliyense wodutsa mu mzinda wa Zomba amachiona chipilala chachitali chokumbukira asilikali a King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Koma mukatsetsereka kupita ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mbiri ya nkhondo simuipeza pamwala. Ili m'mitu ya agogo, ndipo akatisiya imapita nawo.

Kutola mbiri yotere si zachilendo kwa ophunzira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Melvin Page, mothandizana ndi ophunzira a pa Yunivesite ya Malawi, anayenda m'midzi kucheza ndi okalamba omwe anaona nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Zomwe anamva zinabala buku lotchedwa The Chiwaya War, lomwe linatuluka mu 2000. Chiwaya inali mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza.

Okalambawo anaulula zomwe chipilala sichinena: ambiri sanagwire mfuti n'komwe. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga. Njala ndi matenda zinapha ochuluka.

Lero mboni za nkhondo imeneyo zinatha, ndipo omwe anakafika ku Burma pa nkhondo yachiwiri atsala owerengeka. Komabe ana ndi adzukulu awo alipo, ena akusunga mendulo ndi zithunzi. Gule wa beni nayenso amakumbutsa perete wa asilikali.

Nanga ife aphunzitsi a mawa tingayambire pati? Choyamba, tikaonekere kwa amfumu, pakuti mlendo salowa m'mudzi mwachiwembu. Chachiwiri, tipemphe chilolezo tisanajambule mawu pafoni, ndipo tisaiwale amayi, poti ndiwo anatsala ndi minda ndi ana. Mendulo tiijambule, tisaitenge. Chachitatu, mayina ndi zaka tikazitsimikize ku National Archives, ku Zomba komweko. Pomaliza, zomwe tapeza tikazibweze kwa eni ake: tikaziwerenge pabwalo, tikazipachike pa sukulu ya m'deralo.

Mpingo wathu umatilimbikitsa kusanyamula zida, choncho wina angafunse kuti za asilikali zikutikhudza bwanji. Sitikutamanda nkhondo ayi. Tikufuna kuti mwana wa ku Kachulu akamaphunzira za 1914, adziwe kuti mwa osenza katundu aja mwina munali agogo a agogo ake, ndipo anali ndi dzina.