KHANSA YA CITHOKOMIRO IOPSA KWAMBIRI IKAFALIKIRA

Anthu ambiri m'makomboni salabadira cotupa ca pakhosi ngati sicipweteka. Nzoona kuti zotupa zambiri zotere si khansa. Kawiri-kawiri zimabwera cifukwa ca kucepa kwa ayodini m'cakudya. Koma zina ndi khansa, ndipo ngozi yake yagona pa kucedwa kupita ku cipatala.

Cithokomiro ndi kaciwalo kamene kali kutsogolo kwa khosi, pansi pa kholingo. Khansa yake imagwira akazi kwambiri koposa amuna. Ikapezeka ikali mkati mwa cithokomiro, madokotala amacotsa ciwaloco ndi opareshoni, ndipo odwala ambiri amacira. Amene acotsedwa cithokomiro conse amamwa mapilisi a thyroxine tsiku ndi tsiku kwa moyo wao wonse.

Zinthu zimasintha khansa ikatuluka m'cithokomiro. Ikhoza kufika m'timisempha ta m'mbali mwa khosi, pomwe pamatuluka mwanabele wolimba, wosapweteka ndi wosaphwa. Ikagwira mtsempha woyendetsa mau, mau amasasa. Ikapanikiza kholingo kapena njira ya cakudya, munthu amavutika kupuma, ndipo nsima imakana kutsika.

Coopsa koposa ndi pamene yayenda ndi mwazi kukafika ku mapapo kapena ku mafupa. Mtundu wochedwa follicular, umene umapezeka kwambiri kumalo kosowa ayodini, ndiwo umakonda kuyenda motere. Wodwala amatsokomola kosaleka, amamva msana kuwawa, ndipo nthawi zina fupa limathyoka popanda kugwa. Apa opareshoni yokha siikwanira. Pamafunikanso mankhwala akumwa a ayodini wa mphamvu ya radiation, kapena kuocha khansayo ndi makina. Thandizo limatenga nthawi yaitali, banja limaononga ndalama zambiri pa maulendo, ndipo mwai wocira umacepa. Komabe ena amakhala zaka zambiri akalandira thandizo.

Munthu afulumire kupita ku kiliniki ngati cotupa ca pakhosi ncolimba, cikula msanga, sicisuntha pomeza malobvu, kapena ngati mau asasa kwa milungu yoposa 3. Ku cipatala amaunika khosi ndi makina a ultrasound, natengako kanyama ndi kasingano kukapima. Opezeka ndi khansa angatumizidwe ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007.

Kutema mphini pa cotupa kapena kucithowa ndi madzi otentha sikuletsa khansa kufalikira. Kumangodya miyezi imene wodwala akanathandizidwa khansa ikali pamalo amodzi.