Filimu ya The Sting: mtima ndi nyimbo n'za anthu akuda, nkhope n'za azungu

Filimu ya The Sting inatuluka ku America mu December 1973 ndipo inapata mphoto 7 za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana onse. Mpaka lero imatchulidwa pakati pa mafilimu otchuka a atambwali. Ambiri amakumbukira Paul Newman ndi Robert Redford, koma amene amayambitsa nkhani yonse ndi munthu wakuda yemwe amafa filimu isanapite patali.

Nkhaniyi ikuchitika mu 1936 ku Joliet, m'chigawo cha Illinois. Johnny Hooker, yemwe ndi Redford, pamodzi ndi mphunzitsi wake Luther Coleman apusitsa munthu wina n'kumulanda madola 11,000, osadziwa kuti ndalamazo n'za chigawenga choopsa, Doyle Lonnegan. Anyamata a Lonnegan apha Luther. Hooker athawira ku Chicago kwa Henry Gondorff, yemwe ndi Newman, ndipo awiriwa atsegula nyumba yabodza ya juga ya mpikisano wa akavalo kuti adyere Lonnegan madola 500,000.

Luther si wantchito wa mzungu kapena munthu wongoseketsa, monga momwe Hollywood inkaonetsera anthu akuda kwa zaka zambiri. Ndi katswiri pa ukathyali wake, ali ndi banja, ndipo ndiye amauza Hooker kuti akaphunzire kwa Gondorff. Atambwali achizungu amasonkhana pofuna kulipsira imfa yake. Ulemuwo ndi weniweni. Komabe ndi ulemu wa pamaliro: Luther akangofa, kamera imatsatira azungu mpaka kumapeto. Mkazi wake Alva amatchulidwanso pomwe munthu wodzitcha wapolisi wa FBI akuopseza Hooker kuti amutsekera m'ndende mayiyo. Banja lakuda limasanduka chifukwa choti azungu achitirepo zinthu, osati ochita zinthuzo.

Anasewera Luther ndi Robert Earl Jones, bambo ake a James Earl Jones. M'zaka za m'ma 1950 iye anali m'gulu la asangalatsi omwe ankamanidwa ntchito powaganizira kuti amagwirizana ndi chikomyunizimu.

Nyimbo nazo zili ndi mbiri yofanana. Kayimbidwe ka piyano kodziwika bwino kaja ndi ka Scott Joplin, woimba wakuda amene analemba The Entertainer mu 1902. Pofika 1936 mtundu wa nyimbozi, ragtime, unali utachoka kale m'fasho, koma wotsogolera filimu George Roy Hill anazisankhabe. Marvin Hamlisch, yemwe anangozikonzanso, ndiye analandira Oscar. Joplin anali atamwalira mu 1917 ku New York ali wosauka, ndipo manda ake anakhala opanda chizindikiro mpaka 1974. Filimuyi inathandiza kudzutsa dzina lake, moti mu 1976 anapatsidwa mphoto yapadera ya Pulitzer, patatha zaka 59 chimwalirireni.

Amayi alipo awiri oti n'kuwakumbukira: Billie, mnzake wa Gondorff, ndi Loretta, woperekera zakudya yemwe pambuyo pake amadziwika kuti ndi wakupha wolembedwa ganyu. Kusintha kwenikweni kunachitika kuseri kwa kamera. Julia Phillips, mmodzi mwa atatu omwe anayendetsa ntchito yopanga The Sting, anakhala mayi woyamba kulandira Oscar ya filimu yopambana onse, mu 1974.