Mwana akachedwa ku nesale: bwanji satuluka, ndipo abale tichitepo chiyani?

Mukafika ku Chatinkha, mbali ya amayi oyembekezera pachipatala cha Queens ku Blantyre kuno, mupeza amayi ena oti anachira kalekale koma sanapite kwawo. Anzawo omwe anabereka nawo tsiku limodzi anatuluka chikuta, mwana mpaka dzina anapatsidwa. Iwo akadali pomwepo, kapu kumanja, kudikira nthawi yolowa mu nesale. Foni ikalira, funso ndi lomwe lija: "Nanga mutuluka liti?" Mayi sadziwa. Zolamula ndi kapumidwe ka mwana, kayamwidwe kake ndi sikelo, ndipo zimenezi sizimva zoti kunyumba ufa watha.

Ambiri mwa makanda ochedwa chonchi ndi obadwa masiku asanakwane, kutanthauza milungu 37 ya mimba isanathe, kapena osafika makilogalamu 2.5 pa sikelo. Si nkhani yachilendo kuno. Lipoti lomwe bungwe la WHO ndi anzake anatulutsa mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ndi ana 18 mwa 100 aliwonse obadwa nthawi isanakwane. Ena amabadwa pa nthawi yake koma anabanika pobadwa, ena agwidwa ndi matenda m'magazi, ena akufunika opaleshoni, ndipo otere ambiri amathandizidwa ku Mercy James Centre, yomwe inatsegulidwa mu 2017 pa Queens pomwepo.

Choyamba kuopsa kholo ndi machubu. Mapapo a mwana wosakwana masiku amakhala osakhwima, timatumba ta mpweya timafota akangopumira kunja. Ndiye amamuika timachubu m'mphuno, kuchokera ku makina otchedwa CPAP, omwe amakankha mpweya pang'onopang'ono kuti mapapowo asafote. Kabotolo ka madzi kamene kamachita thovu pambali paja ndi mbali ya makinawo, sikuti chaonongeka. Mtundu wina wa makinawa, wotchedwa Pumani, anaukonza mogwirizana a Rice University ya ku America ndi madokotala a pa Queens, ndipo oyambirira ankagwiritsa ntchito pampu ya m'mathanki owetera nsomba. Tsono pali mphekesera ija yoti okosijeni amapha ana. Abale, mwana amaikidwa pa okosijeni chifukwa wadwalika kale. Akamwalira, chamupha ndi matenda omwe anamufikitsa pamenepo. Agogo akabwera ndi mawu oti "chotsani zimenezi tizipita", ndi bwino kuwatengera kwa namwino akamve okha.

Nyale ya buluu ija ndi ya chikasu. Amamuphimba maso, amamusiya ndi thewera lokha, ndipo masiku ochepa chikasu chimatsika. Kungomuotcha padzuwa sikulowa m'malo mwa nyaleyi.

Ntchito yeniyeni ya mayi ili pa mkaka. Kamwana kakang'ono kwambiri sikatha kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi, choncho mayi amafinyira mkaka m'kapu, n'kumamwetsa ndi kapu yomweyo kapena kudzera m'kachubu kopita m'mimba. Zimenezi zimachitika maola awiri kapena atatu aliwonse, usana ndi usiku. Werengani nokha: kasanu ndi katatu kapena kupitirira patsiku, kwa milungu inayi, isanu, nthawi zina kuposa. Masiku oyamba mkaka umatuluka timadontho chabe tachikasu, ndipo mayi amayamba kudziona ngati wolephera. Timadontho timeneto ndiye tofunika zedi, timateteza mwana ku matenda, musatitaye. Bere limapanga mkaka malinga ndi mmene likufinyidwira, ndiye kulumpha nthawi ya usiku n'kumene kumauchepetsa. Komanso musadabwe sikelo ikatsika sabata yoyamba. Pafupifupi mwana aliyense amayamba watsika kaye, kenako n'kumakwera ndi magalamu ochepa patsiku. Mayi amene wakhalitsa mu nesale adzakuuzani kuti magalamu 20 ndi nkhani yoimbira foni kunyumba.

Kenako pamabwera kangaru: mwana amaikidwa pachifuwa, khungu kukhungu, atavala thewera, chipewa ndi sokosi, n'kumangidwa ndi chitenje. Njirayi inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, pomwe makina ofunditsira ana anali osakwanira. Kale ankadikira kuti mwana ayambe wakhazikika, koma kafukufuku yemwe anachitika m'mayiko asanu, Malawi ali momwemo, anaonetsa kuti kuyamba msanga kumapulumutsa ana ambiri, ndipo mu 2022 WHO inasintha malangizo ake. Chimene anthu sanena n'chakuti kangaru amatopetsa. Kugona chokhala, msana kuwawa, ngakhale kukasamba umafuna wokugwirira. Apa ndi pamene abambo mungalowe. Chifuwa cha bambo chimafunda chimodzimodzi, cha agogo kapena azakhali nachonso. Zoti mwamuna sagwira khanda losatuluka chikuta, pamenepa tiyeni tiziike kaye pambali.

Thandizo m'zipatala za boma ndi laulere, koma kukhalitsa si kwaulere. Gadiyani amafuna ufa, ndiwo, makala, sopo, matewera, ya minibasi, mayunitsi. Geni ya mayi yaima. Ana ena kunyumba akufuna wowaphikira ndi wowadzutsa kupita kusukulu. Kwa olembedwa ntchito, lamulo limapereka milungu isanu ndi itatu ya tchuthi cha uchembere, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo tchuthicho chikhoza kuthera m'chipatala momwemo mwana asanaone kwawo. Kuyambira 2021 abambo nawo ali ndi milungu iwiri. Ambiri sadziwa, ena amachita manyazi kupempha. Musadikire tchuthi chithe, pemphani kalata kwa dokotala mupite nayo kwa abwana msanga.

Ife ozonda odwala, mmene ndikuonera ine, timalakwitsa kawiri. Timakhamukira sabata yoyamba, malonje ali phwamwamwa, sabata yachitatu zii. Chikhala kugawana masiku, wina Lachiwiri, wina Loweruka, wina kutenga ana kunyumba kwake, zikanathandiza kuposa. China ndi pakamwa. "Kodi unanyamula chiyani?" "Kwathu kulibe zobereka tiana totere." Mayiyo amakhala akudzifunsa kale zomwezo usiku wonse, pomwe nthawi zambiri palibe chomwe analakwa. Mukamuona akungolira, sakudya, sakugona ngakhale mpata ulipo, kapena sakufunanso kulowa kukaona mwana, musangoti alimbe mtima. Auzeni anamwino, chifukwa matenda a nkhawa pambuyo pobereka alipo ndipo amathandizika.

Makolo, kufunsa si mwano. Madokotala akamazungulira m'mawa, funsani: lero akulemera bwanji, mankhwalawa ndi a chiyani, chatsala n'chiyani kuti atuluke? Akayankha m'Chingerezi, pemphani abwereze m'Chichewa. Ndipo inu ndi amene mumakhala pafupi nthawi yaitali, ndiye mukaona mwana wasiya kupuma kwa kanthawi, wasintha mtundu, mimba yatupa kapena akusanza zobiriwira, itanani pompo, ngakhale ndi pakati pa usiku.

Tsiku lotuluka likafika, mwana amakhala akadali wamng'ono, ndipo kangaru amapitirira kunyumba mpaka yekha ayambe kukana. Sungani buku lake la kuchipatala, musaphonye tsiku lobwerera ku sikelo. Akakana kuyamwa, akamapuma mofulumira kapena mobanika, thupi likatentha kapena kuzizira, akakomoka, bwererani tsiku lomwelo, osadikira kuche. Obwera kudzaona mwana asambe m'manja, wa chimfine aimire pakhomo, ndipo mbaula ikhale panja.