Si onse osala kudya amene akupemphera

Mwezi watha anatibweretsera mtsikana wa giredi 11, mafupa okhaokha, kumwezi atasiya kupita kalekale. Tinamuyeza mimba, HIV, TB ndi shuga, osapeza kanthu. Mayi ake ananena monyadira kuti mwanayo ndi wa mapemphero, amasala kawirikawiri. Mnzanga wina pantchito anangoti, "Zokana chakudya ndi za azungu, kuno ku Chadiza timaonda ndi njala."

Mawu amenewa andikwana. Matendawa timawatchula anorexia nervosa: munthu amaopa kunenepa mpaka kudzimana chakudya dala, nkhokwe ili yodzaza. Ali m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri. Anthu amati sangafike kuno poti mkazi wonenepa ndiye timamutama. Ku Fiji ankateronso, koma TV itafika mu 1995, wofufuza Anne Becker anapeza mu 1998 atsikana a sukulu akudzisanzitsa kuti aonde. Nanga ife, TikTok ili m'manja mwa ana athu?

Komatu foni si yokhayo. Mbali ya chipembedzo anailongosola bwino ndi alakatuli aakazi a ku Ireland, dziko limene linakulira m'Chikatolika chokhwima, kuposa mabuku athu a zachipatala. Mu ndakatulo yake ya 1980 yotchedwa "Anorexic", Eavan Boland akuonetsa mkazi woyesa thupi lake tchimo loyenera kulangidwa ndi njala. Victoria Kennefick, m'buku lake la 2021, Eat or We Both Starve, analemba za akazi oyera odzimana chakudya monga Catherine wa ku Siena, amene anamwalira mu 1380 ali ndi zaka 33. Alakatuliwa anaona kuti mtsikana akaphunzitsidwa kuti mkazi wabwino ndi wodziletsa, wosadandaula, wodya pomalizira, kusadya kumamupezetsa ulemu, ndipo pakhomo palibe amene amakayikira. Kodi namwali wathu sitimulanga chimodzimodzi, kuti asaoneke wosusuka pa anthu?

Sindikunyoza kusala. Ngakhale lamulo la Katolika limangolamula kusala Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kuyambira zaka 18, ndipo odwala sawakakamiza.

Mwana akamaonda, akamabisa nsima, akamathamangira kuchimbudzi atangodya, mwina ndi matendawa, mwina ena. Mupite naye kuchipatala. Musamukhutitse mwadzidzidzi: thupi lozolowera njala likalandira chakudya chambiri nthawi imodzi, mchere wa m'magazi umasokonekera ndipo mtima ukhoza kuima. Zikakula tingamutumize ku Chipata Central Hospital, kapena ku chipatala cha Chainama ku Lusaka.